Mizere Iwiri ya Kumunsi

1. Zonyansa za m'dimba

Pa zinthu zonse zokwawa pansi pano, Dyna ankadana kwambiri ndi mbozi. Njoka ankaiopa, inde, koma mbozi inkamunyansa. Akangoiona ikupinda msana pa tsamba, malovu ankadzaza m'kamwa, thupi lonse n'kuyamba kumuyabwa.

Ndiye taonani tsoka lake. Pa tchuthi cha chaka chimenecho, atangomaliza Fomu 2, amayi ake anamusiyira dimba lonse la kabichi lomwe linali m'mbali mwa kamtsinje, kumunsi kwa Sadzi. Iwo ankatandalira kudwazika a Deborah, mnansi wawo wa khomo loyandikana, amene matenda anali atawagoneka kwa miyezi itatu.

"Kabichi ameneyu ali m'manja mwako," anatero amayi ake pomupatsa ndowa yothirira. "Ndi chakudya cha anthu chimenechi. Chilichonse chomwe ungachite m'dimbamo uzindiuza."

Kwa masabata awiri zonse zinkayenda bwino. Koma Lolemba lina m'mawa Dyna anapeza masamba atabowokabowoka ngati sefa. Atatembenuza tsamba limodzi anaona mbozi zobiriwira zitandandana, zina zonenepa, zina zing'onozing'ono. Pakati pa mutu wa kabichi panali tindowe tawo tonyowa. Anasiya tsambalo n'kulavula.

"Zakupeza, mwanache?" anafunsa munthu wina uku akuseka.

Anali a Selemani, eni dimba loyandikana nalo. Mkuluyu anagwira ntchito ya mitengo ya paini pa Phiri la Zomba kwa zaka zambiri, ndipo atapuma anayamba kulima ndiwo zamasamba. Dzanja lawo lamanja linkanjenjemera nthawi zonse. Anawerama, natola mbozi imodzi, n'kuiphwanya ndi zala. Madzi obiriwira anatsikira ku chikhatho.

Dyna anatembenukira kumbali. Akanakhala atadya m'mawa umenewo, zonse zikanabwerera.

2. Mankhwala oyenda pang'onopang'ono

A Selemani anapukutira zala pa udzu, nakatenga kapaketi ka ufa mu jumbo yawo. Anati kapaketiko anapatsidwa ndi alangizi a zaulimi kuti azigawana ndi anzawo a m'madimba.

"Umve bwino, chifukwa sindibwereza," anayamba motero. "Ufa uwu alangizi amautchula kuti Bt. Muli tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa bakiteriya. Timasungunula m'madzi n'kupopera pa masamba, pamwamba ndi pansi pomwe. Mbozi ikadya tsamba limenelo, m'mimba mwake mumawonongeka. Imasiya kudya tsiku lomwelo, koma siifa pomwepo iyayi. Imatenga masiku awiri, mwina atatu. Njuchi sizifa nawo, mbalame sizifa nawo, munthu safa nawo. Ukhoza kupopera lero, mawa n'kutsuka kabichiyo n'kudya."

Kenako anatsegula chigubu chomwe chinali pansi pa nthochi. Fungo lomwe linatulukamo linali la anyezi wowola. Dyna anatseka mphuno ndi chitenje.

"Uyu ndi nimu," anapitiriza a Selemani osasamala za nkhope yake. "Ndasinja masamba ndi njere zake dzulo n'kuziviika. Tisefa ndi kansalu, tithiremo madzi a sopo pang'ono kuti amatirire pa tsamba. Ndi wowawa kwambiri moti mbozi imataya chilakolako, ndipo agulugufe oikira mazira amapatuka. Koma zonsezi tipopera dzuwa likapendeka. Dzuwa la masana limafoola mankhwalawa. Wopopera masana amangosambitsa kabichi."

Madzulo a tsiku limenelo, mthunzi wa phiri utayamba kufika m'dimba, anapopera mizere yonse khumi ndi iwiri. Dyna ndiye anabereka mpope. Madzi a nimu ankadontha n'kumatsikira kumsana, ndipo pomaliza ankanunkha ngati chigubu chija.

"Mawa uzipeza zili moyo," anamuchenjeza a Selemani potsazikana. "Usadzati ndakunamiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Dyna anavomera ndi mutu. Koma kudekha ndi chinthu chomwe mtsikanayu sanabadwe nacho, ndipo aliyense ku Sadzi ankadziwa zimenezo.

3. Botolo la amalume

Lachiwiri m'mawa mbozi zinali pomwepo. Zinkayenda mwaulesi, koma zinkayenda. Pamene Dyna ankawerama kuti athirire, imodzi inagwera pa phazi lake n'kukanirira pakati pa zala. Anakuwa, naponya silipasi kutali.

Kumtsinje kunamveka kuseka. Anali amalume ake a Dunstan, mlongo wawo wa amayi ake, akutsuka njinga yawo ya kabaza. Asanabwere m'tauni kudzanyamula anthu ankalima thonje ku Chingale, ndipo ankadziyesa katswiri pa nkhani iliyonse ya kumunda.

"Ndiye mwapopera supu wa masamba eti?" anatero akuyandikira. "Mbozi zikukuthokozani, mwazithirira ndiwo. Tadikira."

Anapita kunyumba pa njinga, ndipo posakhalitsa anabwera ndi botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Linalibe pepala lililonse. M'kati munali madzi ofiirira, olemera ngati mafuta.

"A thonje awa, enieni. Kachivindikiro kamodzi mu mpope, basi. Ife tinkapopera m'mawa, pofika masana mbozi zonse zili gada. Za masiku atatuzo n'za anthu opanda chochita."

A Selemani anali atamva zonse ali m'dimba mwawo. Anabwera pang'onopang'ono, natenga botololo, nalinunkhiza patali, n'kulibweza msanga.

"A Dunstan, ndikulemekezani, koma chotsani chinthu ichi pano," anatero. Kenako anayang'ana Dyna. "Mwanache, dzanja langali ukuliona? Silinayambe kunjenjemera chifukwa cha ukalamba. Ndisanakwere kuphiri kukagwira ya paini, ndinali pa esiteti ina ya thonje. Tinkapopera zoterezi opanda magolovesi, opanda chotseka kumphuno. Ndinali ndi mnzanga, dzina lake Lajabu. Tsiku lina anathyola therere lomwe linamera pakati pa thonje, tili titapopera dzulo lake. Mkazi wake analitsuka bwinobwino, naphika. Usiku womwewo banja lonse linayamba kusanza, thovu kukamwa. Mkaziyo anapulumuka. Lajabu ndi mwana wake wamkazi tinawaika tsiku limodzi.

"Thonje anthu sadya, amavala. Kabichi amadya. Mankhwala amenewa akalowa pakati pa mutu, tsamba ndi tsamba, olo utsuke ndi damu lonse la Mulunguzi sungadziwe ngati achoka, ndipo usadalire moto kuti uwachotsa. Botolo lopanda pepala silikuuza muyeso, silikuuza masiku odikira, silikuuza dzina loti ukawauze a dokotala zinthu zikavuta. Komanso akupha achule, njuchi ndi mavu amene amatithandiza kudya mbozizi. Chaka chamawa mbozi zidzabwera zochuluka, adani awo onse tawakwirira. Ndanena. Wakutsina khutu ndi mnansi."

A Dunstan anaseka, nati akuluakulu amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Anakwera njinga n'kumapita ku siteji. Koma botolo lija analisiya pa mzere, ngati aliiwala.

4. Kachivindikiro kamodzi

Masana a Selemani anapita ku mzikiti kukaswali. M'madimba munatsala Dyna yekha, mbozi, ndi botolo.

Sanaganize nthawi yayitali. Anati angoyesa pa mizere iwiri ya kumunsi, yoyandikana ndi njira, kuti aone amene akunena zoona. Anathira kachivindikiro kamodzi mu mpope. Poona kuti kakuchepa, anawonjezera kena.

Amalume sananame. Asanamalize mzere wachiwiri, mbozi zinali zitayamba kugwa pansi, zikudzipinda ndi kudzitambasula. Dyna anaziyang'ana mtima uli mbee. Maso ankamuwawa, mutu unkalemera, koma anasangalala. Anatsuka mpope, nabisa botolo pakati pa nthochi, nakasamba.

Madzulo amayi ake anabwera kudzatenga zovala zosinthira. Anali otopa, maso atalowa m'kati.

"Ndamva kuti kwagwa mbozi. Wapopera chiyani?"

"Mankhwala a a Selemani aja, amayi. A ufa ndi nimu."

"Okhawo?"

"Okhawo."

"Wachita bwino mwanawe. Amenewo ndiye savuta."

Linali bodza laling'ono, la liwu limodzi lokha, ndipo linatuluka mosavuta. Amayi ake anamusisita paphewa n'kubwerera kwa odwala.

Lachitatu masana kunamveka kulira ku khomo loyandikana. A Deborah anali atatisiya. Anyamata anaika masamba pa msewu, anthu anayamba kusonkhana, ndipo Dyna anatandala kutunga madzi pa siwa pamodzi ndi atsikana anzake. Ku dimba sanapondeko tsiku limenelo.

5. Zitsa

Lachinayi, tsiku loika maliro, Dyna analawirira kuti akathirire msanga asanabwerere ku siwa. Anapeza a Selemani atavala kale mkanjo ndi chisoti chawo, akuyendera mizere ya kumtunda.

"Tabwera udzaone," anamuitana.

Mbozi zinali zitafa. Zina zinkalendewera pa masamba zitada bii, zina zinali zitafewa moti pozikhudza ndi kamtengo zinkangophulika. Zinkanunkha. Dyna anachita tsinya, koma anaonanso kuti masamba atsopano a pakati analibe bowo ngakhale limodzi. Njuchi zinkauluka pa maluwa a mpiru monga mwa masiku onse.

"Masiku atatu, monga ndinanenera," anatero a Selemani. "Kuthamanga sikufika. Ine ndatsogola ku maliro. Paja amayi ako anabwera kuno kusanache bwino ndi amayi ena awiri. Adula kabichi wa ndiwo za pa siwa. Anandifunsa ngati n'zotheka kudya, ndinati adule mopanda mantha, mankhwala athuwa savuta."

Anatero n'kumapita, ndodo ili m'manja.

Dyna anatsikira kumunsi. Mizere iwiri ija inali zitsa zokhazokha. Amayi ake anasankha yomweyo chifukwa ndiyo inali pafupi ndi njira, ndiponso ndiyo inkaoneka yoyera, yopanda mbozi yolendewera. Pakati pa zitsazo panali njuchi zakufa, ndi chule atagona chagada, mimba itatupa, ntchentche zikumuzungulira.

Apa ndi pamene Dyna anasanza. Sizinali mbozi zomwe zinamunyansa tsopano. Anadzinyansa yekha.

Kwathu kuno maliro ndi a tonse. Wina amapereka ufa, wina nkhuni, wina ndiwo, ndipo palibe amene amafunsa kuti zachokera m'munda mwa yani. Anthu amadya mokhulupirirana. Koma pa chifukwa chomwecho, munthu amene dzina lake lamveka pamodzi ndi mawu oti poizoni pa chakudya cha pamaliro, dzinalo silimuchoka. Amakalamba nalo, ndipo ana ake amalitenga.

Dyna ankadziwa zimenezi. Itayandikira nyumba, njira yochokera ku madimba inagawikana, ina yopita kwawo, ina yopita ku siwa. Akanatha kupita kwawo, n'kugona, n'kunena kuti mutu ukumupweteka, ndipo sakananama. Anaima pamphambanopo kanthawi, ndowa ili m'manja. Kenako anaiponya pansi n'kuthamangira ku siwa.

6. Kuseri kwa siwa

Kutsogolo kwa nyumba amayi a mpingo ankaimba nyimbo motsitsa. Kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi oposa khumi anakhala mozungulira mabeseni, mipeni ili m'manja. Kabichi wambiri anali atadulidwa kale. Mphika umodzi waukulu unali pamoto, ndipo a Clara, mkulu wa amayi ophika, ankathiramo tomato. Amayi ake a Dyna anali pambali akutsuka mbale.

Dyna anagwada patsogolo pa a Clara, akupuma mwabefu.

"Amayi, kabichiyu asadyedwe."

A Clara anamuyang'ana, chipande chili m'mwamba. "Ukuti chiyani mwana iwe?"

"Asadyedwe. Ndinapopera mankhwala a thonje dzana. Mizere yomwe adulayo."

Mipeni yonse inaima. Mayi wina amene anali atatsala pang'ono kulawa msuzi anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, nalipukutira ku chitenje. Wina anakankha beseni ndi phazi.

Amayi ake a Dyna anaimirira, madzi akudontha m'manja. "Dyna, ndinakufunsa. Ndinakufunsa kawiri."

"Ndinanama, amayi."

Manong'onong'o anayamba. "Mwana wa a Loyce ameneyu?" "Pamaliro pomwe?" "Akanapha mudzi wonse." Mayi wina wa kutsidya analavulira pansi, nati ana a sukulu a masiku ano mitima yawo ndi ya afiti. A Loyce, amayi ake a Dyna, anaphimba nkhope ndi chitenje. Sanalire mokweza, poti pamalopo panali kale maliro a eni ake.

A Clara ndiwo anadula phokosolo. Anatuma mayi wina kukaitana a Selemani ndi amuna awiri. Analamula kuti mphika uphulidwe, ndipo aliyense amene anagwira kabichi asambe m'manja ndi sopo. A Selemani atamva nkhaniyo sanakalipe. Anangoyang'ana dzanja lawo lonjenjemera lija, kenako nauza amunawo kuti akumbe dzenje lakuya kutali ndi chitsime, akwiriremo zonse, ndi makoko omwe, kuti nkhuku ndi agalu zisafikepo.

Dyna anali chigwadire. A Clara anaima patsogolo pake.

"Tamvera, mwana iwe, ndipo enanu mumve nawo. Chimene wachita n'chonyansa. Unauzidwa, sunamve. Unafunsidwa, unanama. Wawanamizitsa a Selemani, amene anakuikira umboni osadziwa kanthu. Amayi ako apereka ndiwo ndi mtima wonse polira mnzawo, iwe wawasandutsa chinthu cholozedwa zala. Manyazi amenewa uwasenza, ndipo palibe amene akulandire. Koma ndinenenso ichi. Pano pakanadya anthu oposa mazana awiri, ena ndi ana, ena ndi okalamba. Ukanakhala chete, sabata ino tikanatopa ndi kukumba manda, ndipo sitikanadziwa chomwe chatipha. Wabwera wekha ndi miyendo yako. Amene akufuna kukutchula mfiti ayambe waganiza zimenezo."

A Selemani anati m'dimba mwawo muli mpiru ndi repu wokwanira, amayi apite akathyole. Amayi anayi ananyamula madengu. Beseni lomaliza linakhuthulidwira m'dzenje, dothi n'kuyamba kugwera pamwamba.

Dyna anapuma mpweya waukulu koyamba chichokere ku dimba. Anadzuka kuti akathandize kutsuka mabeseni, ngakhale palibe amene anamuyang'ana kumaso.

Ndi pomwe a Clara anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Aggie."

"Watani Aggie?" anafunsa a Loyce.

Aggie anali mwana wamkazi wa malemu a Deborah, wokwatiwa ku Matawale. Chiyambire maliro anali asanapite kunyumba kwake, ndipo ana ake awiri aang'ono anawasiya ndi mtsikana wa nyumba yoyandikana.

"Ndinamupatsa mitu iwiri m'mawa uno," anatero a Clara. "Ndinati athamange akawaphikire ana, abwerere mwambo usanayambe. Papita ola lathunthu."

Mayi wina anatulutsa foni msanga n'kuimba nambala ya Aggie. Foni inayamba kulira pafupi pomwepo, pa zenera la kukhitchini, pomwe mwini wake anaisiya ikutchajidwa.

"Nyumba yake akuidziwa ndani?" anafunsa a Selemani.

Amayi anayang'anana. Aggie anali atasamuka mwezi watha, ndipo Matawale ndi wamkulu.

"Akuidziwa ndi amene wamunyamula," anatero a Clara. Anatembenukira kwa Dyna. "Wapita pa kabaza. Kabichiyo anamumangirira bwinobwino kutsogolo ndi amalume akowo, a Dunstan."

Dyna anavula masilipasi, nawagwira m'manja, nayamba kuthamangira ku siteji ya njinga.